Nicholas Sergeyev, Munthu Amene Anathawa ndi Magule m'Mabokosi

M'caka ca 1918, dziko la Russia lili m'cipwirikiti ufumu wa Tsar utagwa, anthu ambiri anathawa mu mzinda wa Petrograd atanyamula golide ndi zokometsera zao. Pakati pao panali mwamuna wina wa zaka zopitirira 40 amene cuma cace cinali mapepala okhaokha, odzala ndi timizere ndi timadontho. Mwamunayo anali Nicholas Sergeyev, ndipo m'mapepalamo munali magule a ballet a bwalo la Mariinsky.

Sergeyev anabadwira mu mzinda womwewo m'caka ca 1876, pamene unali kuchedwa St Petersburg. Anatsiriza maphunziro a kubvina pa sukulu ya mfumu mu 1894 nalowa m'gulu la Mariinsky. Sanali katswiri woti anthu nkumuimbira m'manja kufikira manja atawawa. Mphatso yace inali kusunga zinthu mwadongosolo.

Ife tidziwa kuno kwathu kuti gule amakhala m'miyendo ndi m'mutu wa mkulu amene amphunzitsa, ndipo mkuluyo akamwalira, zina za guleyo zimalowa naye m'manda. Ku Russia bvuto linali lomweli. Marius Petipa, Mfalansa wa ku Marseille amene anafika ku St Petersburg mu 1847, anapanga magule ochuka monga La Bayadère mu 1877, The Sleeping Beauty mu 1890 ndi Raymonda mu 1898, koma anali atakalamba. Tsono wobvina wina, Vladimir Stepanov, amene anaphunziranso za mafupa ndi mfundo za thupi, anapeza njira yolembera kubvina ndi zizindikiro zonga za nyimbo. Buku lace linasindikizidwa ku Paris mu 1892. Stepanov anamwalira mu 1896 akali mnyamata, nchito inapita kwa Alexander Gorsky, ndipo Gorsky atasamukira ku Moscow, inagwera Sergeyev, amene mu 1903 anaikidwa kukhala woyang'anira maphunziro a magule. Iye ndi omthandiza anali kukhala pambali obvina ali m'kati, nalemba phazi lililonse ndi njira imene munthu ayenda pabwalo. Potsiriza anali ndi magule opitirira 20, pamodzi ndi magule ang'onoang'ono a m'masewero a nyimbo.

Anzace sanamkonde. Anali wouma mtima pa mwambo ndi wokhulupirika kwa akulu a bwalo, ndipo Petipa mwini sanamwone bwino. Ncifukwa cace ulamuliro watsopano utabwera analibe pogwira. Ku Soviet Union anamuyesa mbala imene inaba cuma ca bwalo. Mlanduwo ngwobvuta kuuweruza, pakuti mapepalawo sanali ace ndithu. Komabe tikaona zimene zinacitika pambuyo pace, nkobvuta kumnenera zoipa zokhazokha.

Moyo wa kunja unali wa kusamukasamuka. Mu 1921 anathandiza Serge Diaghilev kuonetsa The Sleeping Princess pa bwalo la Alhambra ku London. Anagwira nchito ku Riga, ndipo mu 1924 anakonza Giselle ku Paris Opera, Olga Spessivtseva ali wobvina wamkulu. Koma kumene mbeu yace inamera bwino ndi ku England. Mai Ninette de Valois anali ndi kagulu kakang'ono ka Vic-Wells, kopanda magule akale oti nkukhazikikapo. Anamuitana Sergeyev, ndipo iye anawaphunzitsa Coppélia mu 1933, Giselle, The Nutcracker ndi Swan Lake mu 1934, ndi The Sleeping Princess mu 1939. Kagulu kameneko ndiko kanakula nikukhala Royal Ballet. Pamene bwalo la Covent Garden linatsegulidwanso mu 1946 nkhondo itatha, gule woyamba anali The Sleeping Beauty, Margot Fonteyn ali patsogolo, ndipo maziko ace anali acocokera m'mabokosi aja.

Kugwira naye nchito sikunali kwapafupi. Khutu lace silinali kumva bwino kayendedwe ka nyimbo, ndipo anali kudula zigawo za nyimbo ndi pensulo kuti zigwirizane ndi mapepala, zimene zinali kubvutitsa woimbitsa Constant Lambert. Mapepalawo nawonso sanali athunthu. Masamba ambiri aonetsa miyendo ndi njira yokha, osanena kanthu za mikono, mutu kapena thupi, cifukwa olembawo anali kudzilembera okha zowakumbutsa. Pamene pepala linakhala cete, Sergeyev anali kudalira zimene maso ace anaona ku Mariinsky.

Zaka zace zotsiriza anagwira nchito ndi gulu la International Ballet la Mai Mona Inglesby, amene anamlola kukonza magule monga momwe iye anawadziwira, osasinthako. Anamwalira ku Nice, m'dziko la France, mu 1951. Mapepala anafika m'manja mwa Mai Inglesby, amene anawasunga zaka zambiri, ndipo mu 1969 anagulidwa ndi Harvard University ku America.

Kumeneko anakhala nthawi yaitali osawerengedwa kwenikweni, popeza odziwa zizindikiro za Stepanov anali atatsala ocepa. Mu 1999 Sergei Vikharev anawagwiritsa nchito kubwezera The Sleeping Beauty ya 1890 pa bwalo la Mariinsky lomwelo, pamodzi ndi zobvala ndi zokongoletsa za nthawi ya Petipa. Panabuka mkangano. Obvina ambiri akale anali atakulira pa gule wokonzedwa mu 1952 ndi Konstantin Sergeyev, amene sanali mbale wa Nicholas, ndipo kwa iwo ameneyo ndiye anali Petipa weniweni. Mu 2015 Alexei Ratmansky anakonzanso gule yemweyo ku American Ballet Theatre, atakhala miyezi akuwerenga mapepalawo, ndipo oonerera anadabwa kuona kuti m'masiku a Petipa miyendo sinali kukwezedwa m'mwamba monga acitira lero, koma mapazi anali kuyenda mofulumira kwambiri.