LEONARD EUGENE DICKSON: MPHUNZITSI WA ALJEBRA WA KU CHICAGO

Leonard Eugene Dickson anabadwa pa 22 January 1874 m'mudzi wa Independence, m'cigawo ca Iowa ku Amereka. Akali mwana makolo ace anasamukira ku Cleburne m'cigawo ca Texas, kumene atate wace anali munthu wa malonda. Masiku amenewo dziko la Amereka linalibe mbiri pa maphunziro a masamu, ndipo mnyamata wofuna kuzama m'nzeru zimenezi anayenera kuoloka nyanja kunka ku Jeremani kapena ku Falansa.

Dickson analowa m'Yunivesite ya Texas, napeza kumeneko mphunzitsi wacangu dzina lace George Bruce Halsted, amene anaona mphatso ya mnyamatayo namlimbikitsa. Anatsiriza maphunziro ace oyamba m'caka ca 1893, ndipo m'caka ca 1894 anapita ku Yunivesite ya Chicago, imene inali itatsegulidwa kumene m'caka ca 1892. Kumeneko anaphunzira pansi pa Eliakim Hastings Moore, ndipo m'caka ca 1896, ali ndi zaka 22 zokha, anakhala munthu woyamba kulandira digiri ya udokotala wa masamu pa sukuluyo. Atatero anapita ku Leipzig kukamva Sophus Lie, ndi ku Paris kwa Camille Jordan. Pobwerera kwao anaphunzitsa ku California ndi ku Texas, kufikira caka ca 1900 pamene anamuitananso ku Chicago. Anakhala komweko zaka 39.

Nchito yace yoyamba inali pa masamu a manambala owerengeka, amene mnyamata wa ku Falansa, Évariste Galois, anawayamba asanafe m'caka ca 1832. Mphunzitsi ali yense angathe kuonetsa ana ciyambi ca masamu amenewa ndi masiku a sabata. Lolemba likhale 1, Laciwiri 2, kufikira Loweruka 6, ndipo Lamulungu likhale 0. Pakapita masiku anai kucokera Lacisanu, tsiku limene lifika ndi Laciwiri. Tsono m'masamu amenewa 5 kuonkhetsa 4 ndi 2. Momwemonso 3 kucurukitsa ndi 5 ndi 15, ndipo pocotsapo masabata awiri patsala 1. Codabwitsa ncakuti kuonkhetsa, kucotsera, kucurukitsa ndi kugawa komwe zonse zitheka mwa manambala asanu ndi awiri okhawa. Koma sabata ikadakhala ya masiku asanu ndi limodzi, kugawa kukadalephera, popeza 2 kucurukitsa ndi 3 kukadabala 0. Moore anali atatsimikiza m'caka ca 1893 kuti masamu otere atheka pokha pokha pamene ciwerengero cace ciri nambala yosagawika, monga 5 kapena 7, kapena nambala yotere yocurukitsidwa mwa iyo yokha, monga 8 kapena 9. Dickson anasonkhanitsa zonse zodziwika pa nkhaniyi pamodzi ndi zace zatsopano m'buku lochedwa Linear Groups, limene linasindikizidwa ku Leipzig m'caka ca 1901. Pa nthawiyo panalibe wodziwa phindu la masamuwa kunja kwa sukulu, koma kuyambira m'ma 1960 akatswiri anayamba kuwagwiritsa nchito pokonza zolakwika m'mauthenga oyenda pa makina, ndipo lero ali m'kati mwa matelefoni a m'manja.

M'caka ca 1905 munacitika kanthu koonetsa khalidwe lace. Mnyamata wa ku Scotland, Joseph Wedderburn, amene anadza kudzakhala caka cimodzi ku Chicago, ananena kuti m'masamu onse a manambala owerengeka m'mene kugawa kutheka, kucurukitsa sikusamala nambala imene iyamba: yankho likhala lomwelo. Dickson anakayika, nayesa kupeza citsanzo cotsutsa, koma pomariza anapeza citsimikizo cace cace cakuti mnyamatayo ananena zoona. Posindikiza, analemba poyera kuti woyamba kutsimikiza anali Wedderburn. Patapita zaka akatswiri ena anaona kuti citsimikizo coyamba ca Wedderburn cinali ndi mpata, ndipo m'caka ca 1983 wolemba mbiri ya masamu, Karen Parshall, anaonetsa kuti citsimikizo coyamba cokwanira cinali ca Dickson. Angakhale ziri conco, mfundoyo imachedwabe ndi dzina la Wedderburn.

Nchito imene inamdyera zaka zambiri koposa ndiyo mbiri ya nzeru za manambala, History of the Theory of Numbers, imene inaturuka m'mabuku atatu m'zaka za 1919, 1920 ndi 1923. M'menemo analemba mwacidule zimene anthu a mitundu yambiri anapeza pa manambala kuyambira masiku a Agriki akale, nachula dzina la wopeza ali yense ndi malo pamene anazilemba. Anthu ena anadabwa kuona katswiri wotha kupeza zatsopano akutha nthawi yace posanthula zolemba za akufa. Koma mabukuwo anapulumutsa ophunzira ambiri ku bvuto la kufunafuna cinthu cimene wina anacipeza kale, ndipo amawerengedwabe. M'caka ca 1923 anaturutsanso Algebras and Their Arithmetics. Buku limeneli litakulitsidwa ndi kusindikizidwa m'Cijeremani m'caka ca 1927, linampezetsa mphoto ya Cole m'caka ca 1928, ndipo iye ndiye anali woyamba kuilandira. Anakhalanso mtsogoleri wa bungwe la American Mathematical Society m'zaka za 1917 ndi 1918.

Atakula anatembenukira ku funso limene Edward Waring wa ku Mangalande analifunsa m'caka ca 1770. Nambala ikacurukitsidwa katatu mwa iyo yokha ibala manambala monga 1, 8, 27 ndi 64. Waring anaganiza kuti nambala iri yonse ingapangidwe poonkhetsa manambala otere osaposa asanu ndi anai, ndipo ena anatsimikiza pambuyo pace kuti ndi zoona. Koma m'caka ca 1939 Dickson anaonetsa kuti manambala amene afunadi onse asanu ndi anai ali awiri okha, 23 ndi 239. Ana a sukulu angayese okha: 23 ndiye 8 kawiri ndi 1 kasanu ndi kawiri, ndipo palibe njira ina yaifupi, 239 ndiye 64 kawiri, 27 kanai ndi 1 katatu.

Pa uphunzitsi Dickson anali munthu wa mau ocepa ndi wosalekerera ulesi. Anafuna kuti wophunzira awerenge yekha asanafike m'kalasi, ndipo ambiri anamuopa. Komabe ophunzira oposa 50 analandira udokotala pansi pace, ndipo 18 mwa iwo anali akazi, pa nthawi imene sukulu zambiri zinayesa masamu nchito ya amuna okha. Mmodzi wa akaziwo, Mina Rees, anakhala m'caka ca 1971 mkazi woyamba kutsogolera bungwe lalikulu la American Association for the Advancement of Science. Wophunzira wace wina, Adrian Albert, anapitiriza nchito ya aljebra pa Chicago pomwepo. Mwa anthu otere aljebra inamera mizu ku Amereka, kotero kuti anyamata sanayenerenso kuoloka nyanja kuti akaiphunzire.

Dickson anakwatira Susan Davis m'caka ca 1902, ndipo anabala ana awiri. Anapuma pa nchito m'caka ca 1939, atalemba mabuku 18 ndi nkhani za masamu zoposa 250. Anamwalira ku Harlingen m'cigawo ca Texas pa 17 January 1954, patatsala masiku asanu kuti akwanitse zaka 80.

Aphunzitsi a masamu angatengepo zinthu ziwiri pa moyo wa munthu ameneyu. Sanabvomere yankho cifukwa ca kumveka bwino kwace, koma analiyesa yekha kufikira atakhuta nalo. Ndipo pamene anayesa kuti mnzace wamtsogolera, anampatsa ulemu wace osaubisa. Mwana amene aphunzira zimenezi pa masamu a masiku a sabata adzazisunga angakhale ataiwala masamuwo.