Inkosi Gomani II

Inkosi ya Makhosi Gomani II (1893 – 12 Meyi 1954), yemwe dzina lake lobadwa nalo linali Zitonga Maseko ndipo lachikhristu linali Philip, anali mfumu yaikulu ya Angoni a kwa Maseko kuyambira mu 1921. Likulu lake linali ku Lizulu m'boma la Ntcheu, pamalire a Malawi ndi Mozambique. Amadziwika kwambiri chifukwa chokana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, zomwe zinachititsa kuti boma la atsamunda limuchotse paufumu. Bambo ake, Gomani I, anaphedwa ndi asilikali a boma lomwelo mu 1896, iye ali ndi zaka pafupifupi zitatu. Choncho za bambo ake ndi za ufumu umene unali kumudikira anachita kumva kwa ena, ndipo mbali yaikulu ya moyo wake inathera pa kutolera ndi kulumikiza zimene anthu ake ankakumbukira.

Chiyambi cha ufumu wa Amaseko

Angoni a kwa Maseko anachokera kudera limene lero ndi dziko la Eswatini. Anachokako pa nthawi ya nkhondo zimene zinabalalitsa mitundu yambiri ya kummwera kwa Africa m'zaka za Shaka. Gulu lawo linali losiyana ndi la Zwangendaba, kholo la Angoni a ku Mzimba, Mchinji ndi Chipata. Motsogozedwa ndi Mputa, Amaseko anayenda mpaka kufika ku Songea, kummawa kwa nyanja ya Malawi, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Mputa anafera komweko. Mbale wake Chidyaonga anagwirizira ufumu, nabweza anthu kummwera, ndipo cha m'ma 1870 anakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe, m'dera la Angonia ku Mozambique.

Pa ulendo wonsewu Angoni ankatenga anthu a mitundu ina n'kuwalowetsa m'midzi ndi m'magulu awo ankhondo. Atakhazikika pakati pa Achewa ndi Antumba, ambiri mwa amayi a ana awo anali olankhula Chichewa. Pamene Zitonga ankabadwa, Chingoni chinali chitayamba kale kuchepa pakamwa pa anthu, chikutsalira makamaka m'nyimbo, m'mawu otamanda mafumu ndi m'ziwongo.

Nyumba ziwiri: Gomani ndi Kachindamoto

Chidyaonga atamwalira, ufumu unabwerera kwa Chikuse, mwana wa Mputa. Koma Chifisi, mwana wa Chidyaonga, anali ndi anthu ake ambiri ndipo sanagonjere Chikuse. Awiriwa anamenyana, ndipo onse anamwalira mu 1891. Mkangano unapitirira ndi olowa m'malo awo: Gomani kunyumba ya Chikuse, ndi Kachindamoto kunyumba ya Chifisi. Cha m'ma 1894 Gomani anapambana. Kachindamoto ndi anthu ake anatsika kumapiri a Dedza n'kukakhala kuchigwa cha m'mbali mwa nyanja, ku Mtakataka, dera limene likutchedwabe ndi dzina lake ndipo muli malo monga Mua ndi Golomoti. Kumeneko ndi kumene ansembe achikatolika a White Fathers anatsegula mishoni ya Mua mu 1902.

Kugawanikaku kunali ndi zotsatira pa moyo wa Zitonga. Ufumu umene anadzalowa sunalinso umodzi ngati wa agogo ake. Mbali ina ya Amaseko inali kwa Kachindamoto, m'boma la Dedza, ndi mfumu yawoyawo. Mbali ina inatsala kutsidya kwa malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891, pamodzi ndi Domwe yemwe. Nkhondo imene anthu a kumtunda ankaikumbukira ngati chipambano, a ku Mtakataka ankaikumbukira ngati chimene chinawasamutsa kwawo.

Imfa ya bambo ake

Mu 1896 Gomani I anatsutsana ndi boma la Angerezi, limene linali litayamba kutolera msonkho wa nyumba ndipo anthu ake ambiri anali kupita kukagwira ntchito kwa azungu popanda chilolezo chake. Mu Okutobala chaka chimenecho ankhondo ake anaukira midzi ina yoyandikana ndi mishoni ya Zambezi Industrial Mission ku Dombole. Boma linatumiza asilikali, Gomani anagwidwa, ndipo anawomberedwa ndi mfuti pa 27 Okutobala 1896.

Za imfa imeneyi pali mbiri ziwiri. Malipoti a boma amati anazengedwa mlandu ndi asilikali n'kuweruzidwa kuti aphedwe. Angoni amasimba kuti ali panjira anakana kupitiriza kuyenda ngati wandende pamaso pa anthu ake, ndipo asilikali anamumangirira kumtengo n'kumuwombera pomwepo. Mbiri yachiwiriyi ndi imene inkafotokozedwa m'midzi mmene Zitonga anakulira. Panalinso china chimene akuluakulu sakanaiwala. Mwambo wa Amaseko unali wotentha mtembo wa inkosi yaikulu, monga anachitira ndi Mputa ndi Chikuse. Gomani I anaikidwa m'manda kufupi ndi kumene anaphedwera.

Mwana wa zaka zitatu sasunga zambiri m'mutu. Chimene Zitonga anali nacho chinali dzina, nkhani za akuluakulu amene anaona zinthuzo, ndi manda.

Zaka 25 popanda inkosi yaikulu

Gomani I ataphedwa, boma silinavomerezenso mfumu yaikulu ya Amaseko. Linkagwira ntchito mwachindunji ndi mafumu amene kale anali nduna ndi akazembe a Gomani, ndipo lamulo la mu 1912 lokhudza ulamuliro wa m'maboma linapatsa ena mwa iwo maudindo ovomerezeka. Kutsidya kwa malire, Apwitikizi nawo anathyola mphamvu za abale a Gomani amene anatsalira kumeneko.

Zitonga anakula mu nyengo imeneyi, yosiyana kotheratu ndi ya bambo ake. Magulu ankhondo anali atatha. Anyamata amene kale akanatenga chishango ndi nthungo ankapita kuminda ya azungu ku Blantyre ndi Thyolo, kapena ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Iye mwini anaphunzira kulemba ndi kuwerenga, analowa Chikhristu n'kutenga dzina la Philip, ndipo anadzakhala wa mpingo wa Seventh-day Adventist. Mu 1921 analongedwa ufumu ndi dzina la bambo ake, nakhala Gomani II.

Kumanga ufumu pa zokumbukira

Gomani II analowa ufumu wopanda asilikali, ndipo mphamvu zenizeni zinali m'manja mwa DC wa ku Ntcheu. Chuma chimene chinatsala chinali ulemu umene anthu ankapereka ku nyumba ya Maseko, ndipo iye anachigwiritsa ntchito mosamala. M'zaka za m'ma 1920 pamanda a Gomani I anamangapo chipilala cha chikumbutso. M'dziko lolamulidwa ndi Angerezi, kumangira chipilala munthu amene Angereziwo anamupha ngati woukira sichinali chinthu chaching'ono. Malo amene anali chizindikiro cha kugonja anasanduka malo osonkhanirapo mtundu.

Ku Lizulu, bwalo lake linkasunga miyambo ya Chingoni pa kaweruzidwe ka milandu, pa ukwati wa malowolo, pa kalandiridwe ka alendo ndi pa gule wa ngoma. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku Britain, Margaret Read, anakhala pakati pa Angoni a ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1930, kuphatikizapo a kwa Gomani, ndipo zimene anapeza anazilemba m'mabuku a The Ngoni of Nyasaland, la mu 1956, ndi Children of Their Fathers, la mu 1959. Mabukuwa amaonetsa anthu olankhula Chichewa tsiku ndi tsiku, ambiri a iwo Akhristu, koma odziwa mibadwo ya mafumu awo, malo amene makolo awo anadutsa, ndi makhalidwe amene Mngoni ayenera kukhala nawo. Ungoni wa nthawi ya Gomani II unkadalira kwambiri kuphunzitsa ana kukumbukira kusiyana ndi magazi kapena chilankhulo.

Mfumu yodalirika ya boma

Mu 1933 boma linakhazikitsa ulamuliro wodzera mwa mafumu, ndipo linawapatsa mphamvu zopanga malamulo ang'onoang'ono, kuweruza milandu ina ndi kusunga thumba la ndalama za dera lawo. Gomani II anavomerezedwa ngati mkulu wa mafumu a m'boma la Ntcheu. Kachindamoto anakhalabe ndi ulamuliro wake payekha m'boma la Dedza.

Kwa zaka pafupifupi makumi awiri akuluakulu a boma ankamuona Gomani ngati mmodzi mwa mafumu odalirika ndi okonda chitukuko m'dziko lonse. Ankathandiza kutolera msonkho ndi kuonetsetsa kuti malamulo a boma akutsatidwa, kuphatikizapo a zaulimi. Mwana wa munthu amene anafera nkhani ya msonkho anakhala wosonkhetsa msonkho womwewo, ndipo kunalibe njira ina yosungira ufumu pa nthawiyo. Zaka zimenezi zinamuphunzitsa mmene boma la atsamunda linkayendera, makamaka kuti azungu ochepa amene anali pa boma sakanatha kulamulira midzi popanda mafumu.

Chaka cha 1953

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, zinthu ziwiri zinasokoneza ubale wa mafumu ndi boma. Choyamba chinali malamulo a malimidwe. Pofuna kuteteza nthaka, makamaka itadutsa njala ya mu 1949, boma la Bwanamkubwa Geoffrey Colby linkakakamiza alimi kulima mizere yopingasa ndi kuunda migula, ndipo olephera ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Milandu yambiri yotere inkaweruzidwa m'mabwalo a mafumu, choncho mkwiyo wa anthu unkagwera mafumuwo.

Chachiwiri chinali ganizo lophatikiza Nyasaland ndi maiko a Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia. Anthu a ku Ntcheu ndi Dedza sankafunika wowauza za ulamuliro wa azungu a ku Salisbury, popeza abambo ambiri anagwirako ntchito ndipo anaona okha malamulo a chiphaso ndi kulandidwa kwa malo. Chipani cha Nyasaland African Congress ndi mafumu ambiri anakana ganizoli, ndipo kumayambiriro kwa 1953 nthumwi za mafumu zinapita ku London kukadandaula. Boma la Britain silinasinthe maganizo.

Mu Meyi 1953 Gomani II anatulutsa chikalata chouza anthu ake kuti asiye kutsatira malamulo a boma a zaulimi, zankhalango ndi zaziweto, ngati njira yotsutsira Chitaganya popanda chiwawa. Atauzidwa kuti abweze chikalatacho, anakana. Boma linamuimitsa paufumu n'kulamula kuti achoke m'boma la Ntcheu. Pa nthawiyi anali ndi zaka pafupifupi 60 ndipo anali kudwala kwambiri.

Chakumapeto kwa mwezi womwewo apolisi anafika ku Lizulu kudzamutenga. Anthu ambiri anasonkhana kuti awatsekereze, ndipo panabuka chipwirikiti. Mkati mwa chisokonezocho Gomani anawolokera ku Mozambique pamodzi ndi mwana wake Willard ndi Michael Scott, wansembe wa mpingo wa Anglican amene ankathandiza anthu a mu Africa kufikitsa madandaulo awo ku Britain ndi ku United Nations. Dera limene anathawirako linali lomwe lija la makolo ake, kufupi ndi Domwe, koma tsopano linali dziko la eni. Apwitikizi anawabweza m'manja mwa boma la Nyasaland. Scott anathamangitsidwa m'dziko, Willard anamangidwa, ndipo Gomani anachotsedwa paufumu.

Kwa Angoni, zimene zinachitika ku Lizulu zinali zosavuta kuzimvetsa. Patatha zaka 57, boma lomwe lija linabweranso kudzagwira Gomani, ndipo Gomani anakananso kutengedwa. Komabe njira imene mwanayo anasankha inali yosiyana ndi ya bambo ake. Sanatume ankhondo. Anagwiritsa ntchito chikalata cholembedwa, mgwirizano ndi Congress, ndi chida chimene anachidziwa pa zaka zake zotumikira boma, chomwe ndi kuleka kuligwirira ntchito. Chitaganya chinayamba pa 1 Ogasiti 1953, ndipo mafumu ena angapo anatula pansi maudindo awo kapena kuchotsedwa pa nkhani yomweyi.

Imfa ndi chikumbutso

Chifukwa cha matenda, Gomani II anakhala miyezi yake yomaliza pachipatala cha mishoni ya Malamulo m'boma la Thyolo, kutali ndi Lizulu. Anamwalira pa 12 Meyi 1954, ndipo kumaliro ake kunafika anthu ochuluka zedi. Boma la atsamunda linakana kuvomereza Willard ngati wolowa m'malo mwake. Willard anadzalandira ufumuwo ulamuliro utayamba kupita m'manja mwa Amalawi, nakhala Gomani III. Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963.

Masiku ano Angoni a kwa Maseko, a ku Ntcheu, a ku Dedza ndi a madera ena, amasonkhana pa mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo m'boma la Ntcheu, kumene kuli manda a Gomani I. Kudera la Kachindamoto, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chamare, ya pa KuNgoni ku Mua, ili ndi chipinda chofotokoza mbiri ndi miyambo ya Angoni pambali pa za Achewa ndi Ayao. Kuyambira mu 2012 nkhope ya Gomani II ili pa ndalama ya pepala ya K50, imene kumbuyo kwake kuli njovu za kumalo osungirako nyama a Kasungu.