Moyo wa Gracia Hosokawa, Mkazi wa ku Japan

Kum'mawa kwa dziko la China, patsidya la nyanja, kuli zisumbu zotchedwa Japan. Mau a Mulungu anafika komweko chaka cha 1549, pamene Francis Xavier anakocheza ku Kagoshima. Mwezi uno tifuna kusimbira owerenga athu za mkazi wina wa dziko lomwelo, amene analowa m'nyumba ya Mulungu kamodzi kokha pa moyo wache wonse, koma anasunga chikhulupiriro chache zaka 13 kufikira imfa. Tidzaonanso umo olemba nthano anasandulizira mbiri yache atafa iye.

Anabadwa chaka cha 1563, ndipo anamutcha Tama, ndiko kunena mwala wa mtengo wapatali. Atate wache, Akechi Mitsuhide, anali kazembe wa nkhondo wa Oda Nobunaga, mfumu yoopsa imene inalikugonjetsa mafumu anzache masiku aja. Chaka cha 1578, pokhala iye wa zaka 15, anakwatiwa kwa Hosokawa Tadaoki, mwana wa mfumu, mnyamata wa msinkhu wache womwe. Ndipo wofuna ukwatiwo anali Nobunaga mwini wache.

Zitapita zaka 4 tsoka linamgwera. Chaka cha 1582 atate wache anaukira mbuye wao Nobunaga m'mudzi wa Kyoto, namfetsa. Koma asanathe masabata awiri, Toyotomi Hideyoshi anawagonjetsa ku Yamazaki, nafa iwonso. Tsono Tama anasanduka mwana wa munthu wachiwembu, woyenera kuphedwa monga mwa mwambo wa dzikolo. Mwamuna wache sanafuna kumupha, ndiponso sanakhoza kumsunga poyera. Chotero anakambisa kumapiri a dziko la Tango, ku kamudzi kotchedwa Midono, nakhala iye komweko ngati zaka ziwiri, wosiyana ndi ana ache. Pomwe mkwiyo wa Hideyoshi unaleka, anabwera naye ku Osaka. Koma Tadaoki anali munthu wa nsanje yaikulu ndi mtima wapachala, namtsekera m'nyumba, naika alonda pakhomo kuti asatuluke.

M'nyumba yotsekedwayo ndimo anayamba kumva za Kristu, ndipo anazimva pakamwa pa mwamuna wache yemweyo. Pakuti Tadaoki anali ndi bwenzi, mfumu yachikristu dzina lache Takayama Ukon, ndipo zimene anamva kwa bwenzilo anadzafotokozera mkazi wache pocheza, osadziwa kuti alikufesa mbeu. Tama anali mkazi wanzeru, wodziwa ziphunzitso za Buddha, wokonda kufunsa. Ndipo mtima wache unali wolema ndi chisoni chifukwa cha abale ache amene anatha psiti.

Chaka cha 1587, Tadaoki atamuka kunkhondo ku chisumbu cha Kyushu, Tama anadzibisa pakati pa adzakazi ache, natuluka mobisika, nafika ku nyumba ya Mulungu ya m'Osaka pa nyengo ya Paskha. Wansembe wa ku Spain, Gregorio de Céspedes, anamlandira, namtuma mlaliki wa mtundu wao, Cosme, amyankhe mafunso ache. Anafunsa zambiri za mzimu wa munthu, natsutsana naye kolimba, ndipo potsiriza anapempha ubatizo. Koma popeza anakana kutchula dzina lache, ansembe anaopa kuti kapena ndiye mmodzi wa akazi a Hideyoshi, namuuza ayambe walinda. Dzuwa lisanalowe alonda anampeza, nabwera naye kwao. Ndipo kuyambira tsiku lomwelo alonda anachuluka, ndipo sanapondenso pakhomo pa nyumba ya Mulungu.

Nanga munthu wotsekeredwa aphunzira bwanji? Anatuma adzakazi ache. Iwo anapita kukamva chiphunzitso, nabwera nacho, namfotokozera. Iye nawapatsa mafunso ena, namuka nawo. Potero adzakazi ambiri anatembenuka mtima nabatizidwa, ndipo woyamba mwa iwo anali Kiyohara Ito, amene analandira dzina la Maria. M'mwezi wa Julaye chaka chomwecho Hideyoshi analamulira kuti ansembe onse achilendo achoke m'dziko. Pakuona kuti nthawi yafupika, ansembe anaphunzitsa Maria mabatizidwe, ndipo mdzakazi anabatiza mbuye wache m'chipinda cha m'kati. Dzina lache latsopano linali Gracia, ndilo Chisomo. Anthu a ku Japan alitchula Garasha.

Makalata a ansembe a masiku aja asimba kuti makhalidwe ache anasandulika. Iye amene kale anali wokwiya msanga ndi wa nkhope yakugwa, anakhala woleza mtima ndi wokondwa. Anaphunzira zilembo za Chiroma kuti alemberane makalata ndi ansembe, nawerengera a m'nyumba mwache buku lija lophunzitsa kutsanza Kristu. Koma mayesero sanachepa. Pobwera kunkhondo, Tadaoki anazunza adzakazi amene anabatizidwa, ndipo mmodzi anamdula mphuno ndi makutu. Gracia anafuna kuthawa ukwati, nalembera wansembe wa ku Italy, Organtino. Koma iye anamlangiza akhale, pakuti kuthawa kwache kukadautsira Akristu onse chizunzo. Anamvera, nakhala. Ndipo pa 5 Febuluwale 1597, pamene Akristu 26 anapachikidwa pamitanda ku Nagasaki, Paul Miki ali mmodzi wa iwo, imfa ya mboni inali pafupi ndi Mkristu ali yense wa m'dzikomo.

Hideyoshi anafa chaka cha 1598, ndipo akulu anayamba kulimbirana ufumu. Mbali yina kunali Tokugawa Ieyasu, mbali yina Ishida Mitsunari. Tadaoki natsata Ieyasu, namuka naye kum'mawa chaka cha 1600. Pochoka analamulira anyamata ache kuti mkazi wache asagwe m'manja a adani ali moyo. Pamenepo Ishida anapangana kugwira akazi ndi ana a mafumu otsata Ieyasu, akhale chikole, kuti amuna awo aleke nkhondo. Ndipo anayamba ndi nyumba ya Hosokawa.

Taonani kupsinjika kwache. Akadzipereka kwa Ishida, akadakhala chingwe chomangira mwamuna wache. Mwambo wa akulu a ku Japan unati mkazi wotere adziphe yekha. Koma iye anadziwa kuti Mkristu saloledwa kudzichotsera moyo, pakuti anali atafunsiratu ansembe za mlandu womwewo. Tsono pa 25 Ogasiti 1600, asilikari atazinga nyumba, analowa m'chipinda chache napemphera. Atatha, anasonkhanitsa adzakazi amene anafuna kufa naye pamodzi, nawakaniza, nawatulutsa kunja kuti apulumuke. Pomwepo kapitao wa nyumba, Ogasawara Shōsai, anachita monga anamlamulira mbuye wache, namupha; ndipo anatentha nyumba, nadzipha iye ndi anzache. Gracia anali wa zaka 37.

Mbiri ya imfayi inadabwitsa mudzi wonse, ndipo Ishida analeka kugwira akazi a mafumu ndi mphamvu. Itapita miyezi iwiri anagonjetsedwa pa nkhondo ya ku Sekigahara. Organtino anatola mafupa a Gracia m'phulusa, nawaika m'manda a Akristu ku Sakai. Ndipo chaka chotsatira Tadaoki, amene sanakhale Mkristu, anapempha ansembe achite mapemphero okumbukira mkazi wache, nafikapo iye mwini.

Tsono tione chimene olemba anachita nayo mbiri yache. Chaka cha 1614 nyumba ya Tokugawa inaletsa Chikristu m'dziko lonse, ndipo choletsacho chinakhala kufikira 1873. M'zaka zimenezo mabuku a nthano anajambula ansembe ngati anyanga odza kudzalanda dziko. Lina lotere ndi Kirishitan Monogatari, la chaka cha 1639. Koma dzina la mkazi wa Tadaoki silinaiwalika. Olemba a ku Japan anamtama monga chitsanzo cha mkazi wokhulupirika amene anafera ulemu wa mwamuna wache, nakhala chete pa za ubatizo wache. Ku Ulaya kunachitika zosiyana. Chaka cha 1698 ku Vienna anachita sewero la nyimbo lotchedwa Mulier fortis pamaso pa mfumu Leopold, ndipo m'menemo Gracia afa ndi nkhanza za mwamuna wache chifukwa cha kukana kutaya chikhulupiriro. Chotero awa anachotsa Kristu m'mbiri yache, ndi awo anachotsamo nkhondo ya Ishida. Yense anasema mtengo monga umo anafunira. Pambuyo pache olemba ena a ku Japan anabwezera Chikristu chache m'nthano, monga Miura Ayako m'buku lache la chaka cha 1975.

Mpingo sunamlembe Gracia m'chiwerengero cha oyera mtima, ndipo sitiyenera kumuonjezera zimene sanachita. Zoona zokha zikwanira. Anakhala zaka 13 wopanda wansembe pafupi, wosadya Mgonero pamodzi ndi mpingo, m'nyumba ya mwamuna woopsa. Chimene anali nacho ndicho makalata, mabuku owerengeka, ndi adzakazi okhulupirika. Inu amene mukhala kutali ndi nyumba ya Mulungu, kapena muli nokha wokhulupirira pabanja panu, mudzazindikira kulemera kwa zaka zimenezo koposa olemba masewero. Lero m'Osaka, ku Tamatsukuri, pafupi ndi pamene panali nyumba imene anamtsekeramo, pali nyumba yaikulu ya mapemphero. Ndipo pakhomo pache paimirira chifanizo cha Gracia, pamodzi ndi cha Takayama Ukon, amene mau ache anamfika pakamwa pa mwamuna wache.