Edgar Allan Poe, Mlembi wa Maphwando a Zigoba

Anthu a ku Kande ndi ku Chintheche amadziwa kuti pa bwalo la malipenga msodzi amasanduka mfumu ndipo mlimi wa chinangwa amasanduka dokotala; gule akatha, aliyense amavula nabwerera ku ntchito yake. Ku Ulaya ndi ku America nakonso anthu olemera ankachita maphwando ovina ataphimba nkhope ndi zigoba. Alembi ambiri aika maphwando otere m'nthano zawo, koma kwa Edgar Allan Poe chigoba sichinali cha masewera ayi. Iye ankachigwiritsa ntchito pofuna kukumanitsa munthu ndi chinthu chimene akuchithawa.

Poe anabadwira ku Boston pa 19 Januwale 1809. Makolo ake anali ochita zisudzo. Atate ake anathawa banja, ndipo amake anamwalira m'chaka cha 1811, mwanayo asanakwanitse zaka zitatu. Tsono analeredwa ndi John Allan, wamalonda a fodya wa ku Richmond, amene anampatsa dzina koma pomwalira sanamsiyire kanthu. Mu 1826 analowa ku University of Virginia, koma ngongole za njuga zinamchotsako chaka chisanathe. Chaka chotsatira analowa usilikali, nadzitcha Edgar A. Perry, nanena kuti anali ndi zaka 22 pamene anali ndi 18 zokha.

Mu 1836 anakwatira Virginia Clemm, mwana wa azakhali ake, mtsikana wa zaka 13, ukwati umene malamulo a dziko lino sangaulole konse. Tsiku lina mu Januwale 1842 Virginia akuimba nyimbo, magazi anatuluka m'kamwa mwake. Chinali chifuwa chachikulu. Mu Meyi chaka chomwecho Poe anatulutsa nthano yotchedwa The Masque of the Red Death.

M'nthanoyi mliri wa magazi ukupulula anthu. Kalonga Prospero akutenga abwenzi ake chikwi chimodzi, nadzitsekera nawo m'linga, kusiya anthu wamba afere kunja. Patapita miyezi akukonza phwando la zigoba m'zipinda zisanu ndi ziwiri za mitundu yosiyana, chomaliza chakuda bii, momwe muli koloko yaikulu imene ikalira ovina onse amaima ndi mantha. Pakati pa usiku pakuoneka mlendo atavala nsalu za maliro zothimbirira magazi. Kalonga akumthamangira ndi mpeni, koma akugwa nafa. Anzake pomgwira mlendoyo akupeza kuti m'kati mwa zovalazo mulibe munthu. Nzeru ya mlembi ili apa: pa khomo lotseka mliri sukadalowa, koma pa phwando pamene aliyense wabisa nkhope, ndani akadafunsa mlendo dzina? Linga ndi zigoba zimene olemerawo anadzisangalatsa nazo ndizo zinabisa imfa pakati pawo.

Ndakatulo yake ya The Raven inamtchukitsa mu 1845, koma umphawi ndi mowa sizinamleke. Virginia anamwalira pa 30 Januwale 1847.

Mu 1849 anatulutsa Hop-Frog, nthano yaukali kuposa yoyamba ija. Kapolo wolumala, wanthabwala wa mfumu, akuona mfumuyo ikuthira vinyo kumaso kwa mtsikana mnzake Trippetta. Iye sakudandaula. Akungoilangiza mfumu ndi nduna zake zisanu ndi ziwiri kuti pa phwando zidzavale ngati anyani aakulu, nazipaka phula, nazimanga pa unyolo umodzi. Phwando lili m'kati akuzikokera kudenga ndi kuziyatsa moto anthu onse akupenya. Pano chigoba chachotsa ufumu pa mfumu, kotero kuti kapolo watha kuchita zimene sakadayerekeza mfumuyo itavala chisoti chake.

Pa 3 Okutobala chaka chomwecho, tsiku la chisankho, Poe anapezeka ku Baltimore ali wosokonezeka mutu, atavala zovala zosakhala zake. Ena amaganiza kuti anagwidwa ndi magulu amene masiku amenewo ankaledzeretsa anthu ndi kuwasintha zovala kuti aponye voti kangapo. Anamtengera ku chipatala, kumene anamwalira pa 7 Okutobala 1849, ali ndi zaka 40.