CARL LINNAEUS, AMENE ANACHA ZOMERA MAINA

Mvula ikagwa kuno ku Nkhotakota, amai amalowa m'thengo kukazula bowa, ndipo pa miyala ya kunyanja timaona ndere zobiriwira. Izi sizicita maluwa, sizibala mbeu, komabe sizileka kucuruka. Akuphunzira anazicha dzina limodzi, Cryptogamia. Ndipo mwezi uno tikuuzani za munthu amene anapeka dzinalo.

Carl Linnaeus anabadwa pa 23 May 1707 ku Råshult, m'dziko lozizira la Sweden. Atate wace anali mbusa wa mpingo, wokonda munda wa maluwa, namphunzitsa mwanayo maina a zomera akali wamng'ono. Makolo anafuna kuti akhale mbusa nayenso, koma iye anaphunzira za using'anga ku Lund ndi ku Uppsala, ali wosauka ndithu. M'caka ca 1732 anayenda ulendo wautali kumpoto, ku Lapland, alikutola zomera.

M'caka ca 1735, ali ku Holland, anaturutsa buku lace Systema Naturae, m'mene anagawa zomera zonse m'magulu 24. Magulu 23 anawasiyanitsa poyang'ana ziwalo zacimuna ndi zacikazi za m'duwa, pakuti mbeu zicokera m'menemo. Koma bowa, ndere, ndi zomera zija za masamba onga nthenga za m'mbali mwa mitsinje, maluwa ao sanawapeza. Sanadziyesa wodziwa cimene sanaciona, iai. Anaziika m'gulu lotsiriza, nalicha Cryptogamia. Mauwa ndi a Cihelene: kryptos ndiko kunena cobisika, gamos ndiwo ukwati. Dzina lonse litanthauza ukwati wobisika.

Kuyambira 1741 anaphunzitsa ku Uppsala. M'caka ca 1753, m'buku lace Species Plantarum, anapatsa comera ciri conse maina awiri, monga ife tiri nalo dzina ndi mfunda. Anamwalira pa 10 January 1778, naikidwa m'kacisi wamkuru wa ku Uppsala.

Cobisikaco cinaululika iye atapita. Zomerazi zimafalikira ndi pfumbi losalala. Ikani cisoti ca bowa wokhwima pa pepala usiku wonse, m'mawa mudzaliona. M'caka ca 1851 Wilhelm Hofmeister wa ku Germany anaonetsa kuti pfumbi la zomera za masamba onga nthenga limera kacomera kakang'ono, ndipo pa iko mpamene pali ziwalo zacimuna ndi zacikazi. Lero akuphunzira sawerenganso bowa pakati pa zomera. Koma ulemu wa Linnaeus ukhalabe, pakuti anaika dzina pa khomo lotseka, kuti a m'mbuyo mwace adziwe pogogoda.