Eduardo Mondlane: mnyamata woweta ziweto yemwe anaphedwa ndi buku

Chaka chilichonse pa 3 Fevereiro maofesi a boma amatseka, ndipo anthu amasonkhana pa bwalo la ngwazi kukaika maluwa. Ana asukulu amadziwa kuti ndi Tsiku la Ngwazi, Dia dos Heróis. Mukawafunsa chifukwa chake, amayankha kuti ndi tsiku lomwe anamwalira a Eduardo Mondlane, n'kuthera pomwepo. Komatu abale, a Mondlane sanamwalire ndi matenda. Anachita kuphedwa. Sanaphedwe ndi mfuti kunkhondo ayi, anaphedwa ndi buku lomwe linawapeza m'phukusi. Kufikira lero palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anaimapo m'khoti kuyankha mlandu umenewu.

Eduardo Chivambo Mondlane anabadwa pa 20 Junho 1920 m'mudzi wa Nwadjahane, ku Manjacaze, m'chigawo cha Gaza, kumwera kwa dziko lino. Bambo ake anali mfumu pakati pa Atsonga, koma anamwalira mwanayo akadali wamng'ono. Chivambo anakula monga amakulira ana athu kuno ku Angónia kapena ku Macanga: kudzuka m'mawa, kutsegula khola, kutandala kutchire ndi ziweto. Anaweta mpaka atakwanitsa zaka pafupifupi 12. Mayi ake ndiwo ankalimbikira kuti mwanayo alowe sukulu.

Chinamuthandiza ndi mishoni ya Aswisi. Ku Lourenço Marques, komwe lero timati Maputo, ankagwira ntchito zapakhomo kwa mmishonale André Clerc, uku akuphunzira. Nthawi imeneyo sekondale inali ngati yotsekedwa kwa mwana wakuda wa kumudzi. Choncho anapita kusukulu ya zaulimi ya Amethodisti ku Cambine, m'chigawo cha Inhambane, komwe anatolako Chingerezi. Chingerezicho n'chomwe chinamutsegulira njira ya ku South Africa. Anzake ambiri ankapita ku Joni kukalowa m'migodi, iye anapitako kukaphunzira. Anayambira ku Lemana, kenako Johannesburg, mpaka analowa yunivesite ya Witwatersrand. Koma mu 1948 boma la tsankho linali litatenga ulamuliro kumeneko, ndipo mu 1949 linakana kumuwonjezera masiku a chilolezo. Anabwerera kwawo maphunziro ali pakati.

Sanakhale manja lende. Ku Lourenço Marques anathandiza kukhazikitsa bungwe la ophunzira akuda a sekondale lotchedwa NESAM, ndipo apolisi a atsamunda anamugwira n'kumufunsa mafunso. Mu 1950 anapita ku Lisboa, komwe anadziwana ndi Agostinho Neto wa ku Angola ndi Amílcar Cabral wa ku Guiné. Kumeneko apolisi sankamupatsa mpata wopuma. Chaka chotsatira anawolokera ku America, ali ndi zaka 31. Tangoganizani, pa msinkhu womwe ambiri a ife tili ndi ana anayi, iye anali kukhalabe pa desiki ndi anyamata. Anamaliza ku Oberlin College mu 1953, n'kupitiriza ku Northwestern University mpaka anakhala dokotala wa maphunziro a kakhalidwe ka anthu. Mu 1956 anakwatira Janet Johnson, mzungu wa ku America, ndipo anabereka ana atatu.

Kuyambira 1957 a Mondlane ankagwira ntchito ku bungwe la Nações Unidas ku New York. Anali ndi malipiro abwino, nyumba yabwino ndi ulemu. Akanafuna akanakalambira komweko. Koma mu 1961 anabwera kudzacheza ku Moçambique, ndipo kulikonse komwe ankafika anthu ankakhamukira kudzaona munthu wakuda yemwe azungu ankamutchula kuti dotolo. Anaona chibalo, anaona thonje lolimitsa mokakamiza, anaona kuchepa kwa sukulu. Atabwerera anasiya ntchito ija, anaphunzitsa pang'ono ku yunivesite ya Syracuse, kenako analunjika ku Dar es Salaam, likulu la Tanganyika panthawiyo.

Kumeneko kunali timagulu titatu ta anthu a ku Moçambique othawa kwawo. UDENAMO inabadwira ku Rhodesia. MANU inali ya Amakonde ogwira ntchito ku Tanganyika ndi ku Kenya. Kachitatu kanali kathu kuno: UNAMI, ya anthu a ku Tete omwe anathawira ku Nyasaland, motsogozedwa ndi a Baltazar Chagonga. Pa 25 Junho 1962 timaguluti tinaphatikizana kukhala FRELIMO, ndipo a Mondlane anasankhidwa kukhala pulezidenti. Nkhondo inayamba pa 25 Setembro 1964 ku Cabo Delgado, inafalikira ku Niassa, ndipo mu 1968 inalowa m'chigawo chino cha Tete. Achikulire a m'malire muno safuna kuuzidwa zimenezi, anaziona ndi maso.

Tsono apa m'pomwe nkhaniyi imafuna kuimvetsa bwino. Timagulu tija tinaphatikizana pa pepala, koma m'mitima mukadali mipanda. Ena ankadandaula kuti maudindo akuluakulu agwera anthu a kumwera okhaokha, pamene ofera kutchire ndi a kumpoto ndi a pakati. Ena sankakondwa ndi mkazi wachizungu wa pulezidenti, ngakhale kuti ndi mayiyo amene ankafunafuna ndalama zoyendetsera sukulu ya Instituto Moçambicano ku Dar es Salaam. Enanso ankanong'ona kuti munthu wokhalitsa ku America sangadaliridwe. Mu 1968 zinthu zinafika poipa. Ophunzira a pa sukulu ija anaukira, wansembe Mateus Gwenjere ali kumbali yawo, ndipo sukulu inatsekedwa. Mu Maio gulu la anthu linathyola ofesi ya FRELIMO n'kumenya a Mateus Sansão Muthemba, omwe anamwalira ndi mabalawo. Ku Cabo Delgado a Lázaro Nkavandame, mtsogoleri wa Amakonde, anasemphana ndi akuluakulu a nkhondo pa nkhani ya malonda ndi ya ulamuliro.

A Mondlane anayankha poitanitsa msonkhano waukulu wachiwiri m'kati mwenimweni mwa Moçambique, ku Matchedje m'chigawo cha Niassa, mu Julho 1968. Anasankhidwanso. Koma mkangano sunathe. Mu Dezembro mkulu wa asilikali Paulo Samuel Kankhomba anaphedwa pafupi ndi mtsinje wa Rovuma, ndipo mu Janeiro 1969 a Nkavandame anachotsedwa paudindo. Apolisi achinsinsi a Apwitikizi, a PIDE aja, ankaziona zonsezi, pakuti anali ndi makutu awo m'kati mwa gululo.

Lolemba pa 3 Fevereiro 1969, m'mawa, a Mondlane anadzera ku ofesi n'kutenga makalata awo. Ambiri a ife tinakula tikumva kuti anafera mu ofesimo, koma sizinali choncho. Anapita nawo makalatawo kunyumba ya m'mbali mwa nyanja ya mayi wina wa ku America, Betty King, mnzawo wa banjalo, komwe ankakonda kukalembera chifukwa kunali phee. Pakati pa makalatawo panali phukusi lokhala ndi masitampa a ku Moscow. M'kati mwake munali buku la mlembi wa ku Russia, Plekhanov, lomasuliridwa m'Chifalansa. Masamba ake anali atabooledwa pakati, ndipo m'dzenjemo anaikamo bomba lolumikizidwa ku timabatire. Atangotsegula, linaphulika. Anafera pomwepo ali ndi zaka 48.

Amene anakonza msamphawu ankamudziwa bwino munthu wake. Mfuti ikanavuta, chifukwa ku Dar es Salaam kunali maso ambiri. Koma buku lolembedwa dzina lake, munthu ngati ameneyu sakanalipereka kwa wina kuti amutsegulire.

Apolisi a ku Tanzania sanagone. M'masabata otsatira anagwira maphukusi ena awiri ofanana ndi loyambalo, lina lopita kwa a Marcelino dos Santos, lina kwa a Uria Simango, wachiwiri kwa pulezidenti. Maphukusiwa asanaphulike anawamasula n'kuona mmene anapangidwira. Timabatire tija tinali topangidwa ku Japan. Mothandizidwa ndi Interpol, anatsatira njira yake n'kupeza kuti tinali m'gulu la katundu yemwe anatumizidwa ku sitolo ina ya ku Lourenço Marques. Masitampa a ku Moscow anali ophimba m'maso chabe, ofuna kuti anthu aloze chala ku Russia. Chala chinaloza kwa a PIDE. Boma la Portugal linakana, n'kumanena kuti a FRELIMO aphana okhaokha.

Patapita zaka zambiri, ulamuliro wa atsamunda utagwa, akuluakulu ena akale a PIDE anayamba kuyankhula. Mmodzi mwa iwo, Rosa Casaco, anatchula dzina la Casimiro Monteiro, mbadwa ya ku Goa, kuti ndiye anakonza bombalo. Monteiro ameneyu sanali mlendo pa ntchito yotere. Khoti la ku Portugal linamupeza wolakwa, iye kulibe, pa imfa ya General Humberto Delgado, wotsutsa boma la Salazar yemwe anaphedwa mu 1965.

Koma ngakhale titavomera kuti bomba linapangidwa ndi a PIDE, funso lina limatsala, ndipo ndi lomwe limawawa. Ndani analinyamula kuchokera ku Moçambique mpaka kukaliika pa mulu wa makalata a pulezidenti? Ofufuza ankakhulupirira kuti panali dzanja la munthu wa m'kati. Mayina anatchulidwa. A Nkavandame anadzipereka kwa Apwitikizi patangopita milungu yochepa, ndipo ambiri anati umenewo ndiwo umboni. A Silvério Nungu, omwe ankayang'anira za mu ofesi, anagwidwa n'kutengedwa kupita ku Cabo Delgado, komwe anafera chaka chomwecho. Chipani chinati anadzipha ndi njala pokana kudya, a Simango anati anachita kuphedwa. A Simango nawonso anakanganiratu ndi anzawo, a Samora Machel ndi a Marcelino dos Santos, omwe ankatsogolera nawo gululo imfa ija itachitika, ndipo anachotsedwa. Dziko litalandira ufulu mu 1975, a Simango ndi a Nkavandame anasungidwa m'misasa ya ku Niassa, ndipo anaphedwa popanda mlandu wozengedwa poyera. Kaya anali olakwa pa imfa ya a Mondlane kaya ayi, ine ndikuona kuti pamenepo dziko linadzitsekera lokha khomo. Anthu omwe akanafunsidwa pamaso pa onse anapita ndi mawu awo kumanda.

Buku lomwe a Mondlane eni ake analemba, Lutar por Moçambique, linatuluka koyamba m'Chingerezi mu 1969, mwini wake atagona kale. A Samora Machel anakhala pulezidenti wa FRELIMO mu 1970. Mu 1976 yunivesite ya ku Maputo inapatsidwa dzina la Eduardo Mondlane. Thupi lawo linaikidwa poyamba ku manda a Kinondoni ku Dar es Salaam, pamaliro pomwe panafika Pulezidenti Julius Nyerere, ndipo pa 3 Fevereiro 1979 mafupa awo anabwera kudzagonekedwa ku Praça dos Heróis ku Maputo. Casimiro Monteiro anathawira ku South Africa. Anakhala kumeneko mpaka anamwalira mu 1993, osalowapo m'khoti pa mlandu wa phukusi lija.