Inkosi ya Makosi Mpezeni Woyamba ndi Chiyambi cha Boma la Mchinji

Mpezeni, amene dzina lake la pa ubwana linali Ntutu, adabadwa cha m'ma 1830. Adali mwana wa Zwangendaba Jere, mtsogoleri wa Angoni amene adachoka kum'mwera kwa Africa pothawa nkhondo za Shaka. Pamene Angoni ankaoloka mtsinje wa Zambezi mu November 1835, tsiku limene kadamsana adaphimba dzuwa, Mpezeni adali akadali kamnyamata. Ubwana wake wonse udathera pa ulendo, pakati pa ng'ombe, zishango ndi mikondo.

Zwangendaba atamwalira ku Mapupo, m'dziko la Afipa, cha m'ma 1848, mtundu udagawikana chifukwa cha mkangano wa ufumu. M'mbelwa adatsogolera gulu lake ku dera limene lero ndi Mzimba. Mpezeni adatenga anthu ake nkulowera kum'mwera, nadutsa m'malire a dziko la Abemba, nakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga. Kumeneko asilikali ake adakwatira akazi Achinsenga, ndipo ana adakula akulankhula chinenero cha amayi awo. Ichi n'chifukwa chake Chingoni chatsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'mathokozo a mafumu.

Pofika m'zaka za m'ma 1870, Mpezeni adali atakhazikika m'mapiri a Chipata ndi Mchinji, atagonjetsa Achewa a mfumu Mkanda. Nthawi imeneyo padalibe malire pa Mwami. Midzi ya makosana ake idafalikira mbali zonse ziwiri za mapiri, ndipo ogwidwa pa nkhondo ankalowetsedwa m'mabanja ndi m'magulu a asilikali, nasanduka Angoni.

Chimene chidagwetsa ufumuwu ndi mbiri yakuti m'dziko la Mpezeni muli golide. Mjeremani wina, Carl Wiese, adapalana ubwenzi ndi mfumuyo nalandira chilolezo chokumba miyala, chimene pambuyo pake chidagwera m'manja mwa kampani ya North Charterland. Mpezeni, amene tsopano adali wokalamba, adafuna kukhala mwamtendere ndi alendowo. Koma mwana wake Nsingu ndi achinyamata adaona kuti dziko likupita, ndipo adasankha nkhondo. Mu January 1898 asilikali a boma la Britain ochokera ku Nyasaland adafika ndi mfuti zachiwaya. Mikondo idalephera. Midzi idatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zidalandidwa, ndipo Nsingu adagwidwa nawomberedwa mu February chaka chomwecho pamaso pa makosana.

Mpezeni adadzipereka, natengedwa ukaidi ku linga limene Azungu adamanga ku mbali ino, lotchedwa Fort Manning potengera dzina la msilikali William Manning. Mfumu idasungidwa ngati wandende pa nthaka imene idali kulamulira yokha. Patapita pafupifupi chaka adamulola kubwerera kwawo, komwe adamwalira mu 1900. Mdzukulu wake, mwana wa Nsingu, ndiye adalowa ufumu.

Boma lathu lidabadwa m'masiku owawawo. Linga lija lidapereka dzina lake ku boma lonse, mpaka Malawi atalandira ufulu pamene dzina la Mchinji lidabwezeretsedwa. Malire adatsata mzere wa mapiri ogawa madzi a ku Luangwa ndi a ku nyanja ya Malawi, nasiya likulu la Mpezeni ku Zambia, makosi Zulu ndi Mlonyeni ku Malawi. Koma abale sadasiyane. Mwambo wa Ncwala, umene udazimirira nkhondo ija itatha, udatsitsimutsidwa mu 1980, ndipo chaka ndi chaka m'mwezi wa February Angoni a ku Mchinji amaoloka pa Mwami kupita ku Mtenguleni, kukavina ngoma pamaso pa Mpezeni amene ali pa mpando lero.